Cholembera cha Bambo ndi Makhadi a Chipani

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene bambo anga, omwe ankaphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Senga Bay, anatsika sitima yochokera ku Limbe atagula cholembera cha inki kwa Mmwenye. Amayi atamva mtengo wake anangogwira pakamwa. "Bambo a Esinati, ndiye tizidya inki?" Bambo anangoseka.

Koma cholemberacho, abale inu! Chakuda bii, nibu yake yagolide, yofewa. Potsitsa dzanja ukasindikiza pang'ono, timano tiwiri ta nibuyo tinkatseguka, mzere n'kunenepa. Pokweza, mzere n'kuonda ngati tsitsi. Tikaweruka masana, fungo la usipa wa pathandala likulowera pawindo, bambo ankandikhazika patebulo kuti ndiphunzire. Ankayamba andituma kukasamba m'manja, poti mchenga wa kunyanja ulibe pomwe sufika. "Usachikakamize, Naphiri. Si nkhafi imeneyo." Anandilonjeza kuti mayeso a Sitandade 8 ndidzalembera cholembera chomwecho, ndipo kalasi yonse inamva tsiku lomwelo. Pakamwa panga sipankagona nkhani.

Mayeso atayandikira, Loweruka lina m'mawa, panafika wapampando wa chipani wa m'dera lathu, bambo wina wojintcha wogulitsa nsomba, ali ndi anyamata ake awiri. Ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa makhadi a chipani. Bolopeni yake itakana kulemba, maso ake anagwera pa cholembera chija m'dzanja langa.

"Aphunzitsi, tatibwerekani chokongolacho."

Ine ndinachibisa kumsana. Ndinali nditaona kuti m'buku lake la malisiti muli pepala la kaboni, ndipo kaboni amafuna dzanja lolemera. Komanso cholembera chotere sabwerekana, anandiphunzitsa zimenezo ndi bambo omwewo.

"Chimaonongeka msanga ichi," ndinatero.

Mmodzi wa anyamata aja anasiya kutafuna chinangwa chake n'kuyang'anitsitsa bambo.

"Naphiri, pereka," anatero bambo motsitsa mawu. "Ndi manja awiri."

Ndinagwada n'kupereka. Mkulu uja anachigwira ngati akufuna kutumbula nacho kampango. Atasindikiza, ndinamva nibu ikukanda pepala, kenaka timano tija tinakhanyuka osabwereranso, inki n'kuyenderera m'buku monse.

"Aa, kukongola kokha izi, kulimba ayi," anatero, n'kuchiponya patebulo.

"Pepani bwana, chakuipitsirani buku," anayankha bambo.

Kupepesa! Iwo! Mtima wanga unawawa mwakuti ndinathawira kuseri kwa khitchini n'kukalira mpaka kusasa mawu. Mayeso ndinalembera bolopeni wamba, anzanga akundifunsa monyogodola kuti chagolide chija chili kuti. Ndinakhoza ndithu, koma m'mutu mwanga ndinali nditagamula kale mlandu: bambo anga ndi amantha.

Ndinamva mbali inayo ya nkhaniyi ndili mayi wa ana anga, bambo atatisiya kale. Tikusankha mpunga pakhonde, ndinakumbutsa amayi nkhaniyi moseka. Iwo sanaseke.

"Iwe unali mwana. Masiku amenewo mawu a mwana ankati ndi a kholo lake. Ukanakana kachiwiri, akanati mphunzitsi wobwerayu amaphunzitsa ana ake kunyoza chipani. Ukuganiza bambo ako akanagona m'nyumba muja? Tsiku limenelo sanadye, anangokhala pansi pa mtengo wa mango, nibu ija ili m'manja."

Ndinasiya lichero pansi. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti amene analuza m'mawa uja ndine. Lero ndikudziwa kuti munthu amene anachikonda koposa cholemberacho ndi yemwe analamula kuti chiperekedwe, akudziwa bwino lomwe zimene kaboni achite nacho. Bambo anatilera tonse asanu mpaka anamera imvi ali pakhomo pawo. Cholembera china chotere sanagulenso.