Mpando Umene Tinawasiyira Aphunzitsi

M'chaka chachiwiri cha maphunziro anga a zaubusa, pa koleji ina ku Nottingham, tinali ndi phunziro la mipingo ya anthu akuda ndi kuyanjana kwa mitundu. Ndinkapitako Lachiwiri lililonse, tsiku lomwe ndinkapuma kuntchito yosamalira okalamba ku Leicester. Aphunzitsi athu anali mzungu wachikulire, wofatsa ngati sanakalipirepo munthu chibadwire. Nditalemba za mmene ife timalirira maliro, kuti wofedwa sasiyidwa yekha, anawerenga pepala langa pamaso pa kalasi yonse, nati mipingo ya kuno iphunzire kwa ife. Ine wopusane ndinakhulupirira ndi mtima wonse.

Ndiye akazi a aphunzitsiwo atamwalira, ndinamema amayi asanu a kumpingo kwathu ku Braunstone. Tinamanga zitenje pamwamba pa majekete, n'kunyamula mandasi, shuga ndi mabuku a nyimbo. Tili m'njira yopita kunyumba kwawo, mnzanga wina yemwe ndi namwino anafunsa, "Asisi, koma mwawafonera? Anthu a kuno amafuna apointimenti."

"Maliro amabukitsa?" ndinamuyankha mwaukali.

Aphunzitsi anatsegula chitseko pang'ono, maso ali psuu. Anathokoza kawiri konse, kenako anati banja likufuna kukhala palokha. Mandasi analandira. Chitseko chinatsekedwa mwaulemu, koma chinatsekedwa ndithu. Tinabwerera osaimba ngakhale vesi imodzi, ndipo palibe anandinena, zomwe zinandiwawa kuposa kunenedwa.

M'kalasi nkhaniyi sitinaikambepo. Tinangopitiriza kuwerenga mabuku a chiyanjano.

Chaka chotsatira mayi anga anamwalira ku Ntcheu, ine ndili kuno. Nyumba yanga inadzaza mpaka pamasitepe, nsapato zili mulu pakhomo. Masana belu la pakhomo linalira. Anali aphunzitsi aja, atanyamula maluwa ndi khadi. Mumtima ndinati lero zija timaphunzira zichitika. Mkulu wa mpingo ananyamuka kuwasiyira mpando, azimayi anatsitsa nyimbo.

"Lowani bambo, chonde," ndinawachonderera, nditagwira dzanja lawo ndi manja anga awiri.

Anasuzumira mkati, nati sakufuna kutisokoneza pa nthawi yovuta ngati imeneyi. Anandipatsira maluwawo pakhomo pomwepo n'kubwerera ku galimoto yawo.

Ndikudziwa kuti anandipatsa ulemu umene iwo amaudziwa, monga mmene ine ndinawapatsira wanga. Koma pampando paja palibe anakhalaponso tsiku lonselo, ndipo ndikauyang'ana sindinkadziwa kuti ndikulira mayi anga kapena mpandowo.