Kapaipi ka apongozi anga

Apongozi anga aamuna atatsekeka mkodzo, ine ndi amene ndinawakankha panjinga kuchokera ku Kadewere mpaka kuchipatala cha mishoni. Ana awo aamuna onse anali ku Joni. Ndinali mkamwini watsopano, woti tikakumana m'njira ndinkapatukira m'chimanga.

Adokotala anawagonetsa ndi mankhwala onunkha n'kuwang'amba pansi pa mchombo. Anawabweza muwodi masana ali ngati mtembo, kapaipi ka labala katalowa kumaliseche n'kutsikira m'botolo pansi pa bedi. Bambo wina wothandiza adokotala anandiitana.

"Akadzuka amva ngati mkodzo wawapana. Asakoke kapaipika, angakhe magazi mpaka kufa. Ndilipo ndekha wodi yonseyi, muwayang'anire ndinu."

"Komatu ndi apongozi anga."

"Ndiye mukawaika m'manda mwaulemu," anatero akupita.

Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi. Dzuwa litapendeka apongozi anayamba kubuula m'Chilomwe, kenaka dzanja lawo linalowa m'bulangeti. Ndinaligwira.

"Nditulutseni ndikataye madzi," anatero maso ali chitsinzinire.

"Akutuluka okha, bambo. Gonani."

"Ndine khanda ine, lokodzera pamphasa?"

Anaphiriphitha, ndipo ndinaona madzi a m'botolo akufiira. Ndinaitana wothandiza uja, koma anali atagwira munthu wina amene ankasanza. Anandiponyera bandeji.

"Kakulendewera, n'chifukwa chake kakuwapweteka. Kamangirireni pantchafu. Mukatero muwaike nsalu yofunda pachinena."

Ndinafuna kuthawa. Ndinayesa kumanga nditayang'ana kudenga, koma zala zinkaphonya, iwo n'kumalira. Pomaliza ndinavundukula bulangeti, ndinayang'ana, ndinamanga. Ndinaviika nsalu m'madzi ofunda n'kuwaika. Pang'ono ndi pang'ono miyendo inawongoka, kubuula kunatsika.

Apo m'pamene anatsegula maso. Anayang'ana manja anga, kenaka nkhope yanga.

"Ndinu akamwini?"

"Ndine, bambo."

Anakoka bulangeti n'kutembenukira kukhoma.

Anachira, analima nandolo wawo zaka zambiri, anadzaona ndi zidzukulu. Koma kuchokera tsiku lomwelo ankandiyankhula kudzera mwa mkazi wanga, ngakhale nditakhala pomwepo, ndipo m'njira ndi iwo amene anayamba kupatukira m'chimanga. Mkazi wanga anamwalira akuganiza kuti tinakangana kuchipatala. Ankandifunsa kawirikawiri chimene ndinawalakwira bambo ake, ine n'kumangoti sindikudziwa.