Ndinalemba "Chingerezi" pa fomu, mphunzitsi wa Tiyamike akuchoka

Maola anayi ndi mphindi makumi awiri. Ndiyo nthawi imene ndinataya Lachiwiri lapitali ku ofesi ya maphunziro ya khonsolo yathu, ndipo funso langa linali limodzi lokha: n'chifukwa chiyani akuchotsa mphunzitsi amene amathandiza mwana wanga kuwerenga? Mpaka pano yankho lolunjika sindinalimve. Abale anga a pagulu lino, makamaka inu amene muli ndi ana ku pulayimale kuno ku London, werengani mpaka kumapeto.

Amene simundidziwa, ndimagwira ntchito panyumba ina yosamalirako okalamba cha ku Woolwich. Mwana wanga Tiyamike ndinakamutenga ku Zomba zaka ziwiri zapitazo, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chingerezi ankadziwa cha "Good morning teacher" basi. Teremu yoyamba ankabwera kunyumba ali duu, chikwama n'kuponya pakona, osafuna n'kudya komwe. Kenako sukulu inamupatsa Mayi Pritchard, mzimayi wachizungu wachikulire, kuti azikhala naye pambali m'mawa katatu pa sabata, iye ndi ana ena asanu ochokera kunja. Lero Tiyamike amandiwerengera makalata a magetsi, mpaka kumandikonza katchulidwe. Mu Meyi mukubweramu alemba mayeso omaliza a pulayimale.

Ndiye Lachisanu ndikupeza kalata m'chikwama mwake, yokwinyikakwinyika pansi pa nsapato za masewera. Akuti Mayi Pritchard asiya ntchito pa tchuthi cha Pasaka chifukwa ndalama zimene sukulu imalandira zasintha. Pasaka! Kutangotsala masabata owerengeka kuti mayeso ayambe. Ndani amachita zoterezi?

Lolemba, 8:40 m'mawa, ndinali pawindo la ofesi ya sukulu. Mlembi anati mphunzitsi wamkulu ali pa msonkhano. Ine ndikumuona ndi maso angawa kudzera pagalasi, akumwa tiyi yekhayekha. Kaya msonkhanowo unali wa iye ndi kapu. Mlembiyo anati sukulu siipanga ndalama, imangolandira zimene khonsolo yaiwerengera, choncho ndipite kumeneko. Pamene ankanena zimenezi n'kuti nditaima pa kapeti yatsopano, fungo la guluu lisanathe n'komwe. Ndinafunsa kuti ya kapetiyi inachokera kuti. Anati ilo ndi thumba lina.

Lachiwiri ndinasinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Zambia, n'kukwera basi. 9:15 ndinafika kukhonsolo n'kutenga nambala 47 ya pamzere. Pawindo loyamba, 10:05, anati nkhani za sukulu ndi kumwamba, pansanjika yachiwiri. Kumwambako anati iwo amaona zopezera ana malo m'masukulu, za ndalama ndi pansi pomwe ndachokera. Ndinatsika, ndinatenga nambala ina. 11:50 mtsikana wina anandipatsa kapepala ka adiresi ya pa intaneti, akumwetulira ngati wandipatsa mphatso. Ndinamuuza kuti sindichoka, ndabwera ndi buledi wanga m'chikwama, ndikhoza kuswera pomwepo. Apo m'pamene anaimba foni.

12:35 kunatsika bambo wovala tayi yobiriwira, atanyamula fayilo. Waulemu kwambiri, ulemu wake wochita kukayikitsa. Ananditengera m'kachipinda kopanda windo n'kuyamba kulongosola. Anati boma limapereka ndalama kwa khonsolo, khonsolo imagawira masukulu motsata ndondomeko yowerengera, ndipo ndondomekoyo ilibe tsankho chifukwa ndi masamu chabe. Tsiku limodzi mu Januwale sukulu iliyonse imawerenga ana ake. Mwana aliyense ali ndi gawo lake. Mwana wolandira chakudya chaulere cha masana amabweretsa kena pamwamba, poti ameneyo ndiye amatengedwa kuti ndi wosauka. Mwana amene kwawo salankhula Chingerezi amabweretsanso kena. Sukulu yathu, anatero, chaka chino yapezeka ndi ana ochepa a magulu awiriwa.

Ochepa? Ndinaseka mokweza. Ndinamuuza kuti abwere adzaime pageti pa sukulu yathu 3:15 masana adzimvere yekha: Chiyoruba, Chisomali, Chishona, Chichewa, Chinyanja cha ku Lusaka. Anati iye saona za pageti, amaona zimene zalembedwa pa fomu.

Ndinayamba ndi za chakudyazo. Ndinamuuza kuti pa viza yanga anadinda kuti sindiloledwa kulandira thandizo la boma, choncho Tiyamike sangapatsidwe chakudya chaulere ngakhale titagona ndi njala. Amayi ambiri pageti paja ali ngati ine, anamwino ndi osamalira okalamba, ogona chipinda chimodzi ndi ana awo. Ndiye m'masamu anuwo ife ndife olemera? Anayang'ana fayilo n'kunena kuti ndondomeko imagwiritsa ntchito chizindikiro chimene chilipo. Ndinabwereza funso. Iye anabwereza yankho, liwu ndi liwu, ngati kaseti.

Kenako anandifunsa dzina la mwana, n'kulilemba pa kompyuta. Anaitembenuza kuti ndione ndekha. Pansi pa dzina la Tiyamike, pamene afunsa chilankhulo cha kunyumba, palembedwa Chingerezi. Anandifunsa, mwaulemu wake uja, kuti analemba ndani.

Abale, ndinalemba ndine.

Sabata imene ndinalandira fomuyo, polembetsa mwana sukulu, ndinapita nayo kutchalitchi ku Peckham. Mayi Nachisale, amene akhala kuno kuyambira kalekale ndipo tonse timawafunsa nzeru, anandikokera pambali titatuluka m'mapemphero. "Mwana wanga, apa lemba English basi," anatero. "Ukalemba Chichewa amuika mu group ya ana obwerera m'mbuyo. Komanso ma form amenewa sudziwa kumene amakathera, mawa uzangomva a immigration akugogoda." Ndinati, "Koma Mayi, mwanayu Chizungu sadziwa." Iwo, "Azadziwa. Tonse tinalemba choncho." Ndipo n'zoona, tonse tinalemba choncho. Ife amene tinakula tikupatsidwa chibalo chifukwa cholankhula Chichewa m'kalasi, ndani akanatiuza kuti kuli dziko kumene Chichewa chimabweretsa ndalama kusukulu?

Mayi Nachisale sindikuwaimba mlandu, amateteza ana athu m'mene amadziwira. Koma sukulu bwanji? Inkadziwa bwinobwino kuti Tiyamike samva Chingerezi, si iwo omwe anamupatsa Mayi Pritchard? Zaka ziwiri fomu ikunena china, pakamwa pa mwana pakutuluka china, ndipo palibe ngakhale mmodzi anandiitana n'kunena kuti mayi, konzani apa. Kalata ya nsabwe za m'mutu imabwera teremu iliyonse. Ya ulendo wokaona nyama imabwera kawiri, kuopa kuti tiiwala kulipira. Ya chinthu chimene chimasunga mphunzitsi pantchito, ziii. N'kuiwala kumeneku? Ine sindikukhulupirira. Alipo amene zimamukomera ife tikamaoneka ochepa papepala, chifukwa ndalama zimene sizinabwere kwathu sizinasungunuke ayi, zapita kwina.

Ndinamufunsa bamboyo kuti zapita kuti. Anati zagawidwa motsata ndondomeko. Ndinapempha kuona ndondomekoyo, pamodzi ndi mndandanda wa zimene sukulu iliyonse yalandira, makamaka ya kumtunda kuja kwa nyumba za minda ya maluwa, imene chaka chatha inatsegula chipinda chophunziriramo nyimbo. Anati chipindacho ndi thumba lina. Kodi matumbawa alipo angati, ndipo bwanji lathu lokha ndilo lobooka? Anati mapepalawo si achinsinsi, koma ndilembe kalata, adzayankha pasanathe masiku makumi awiri ogwira ntchito. Ndinawerenga pa zala. Yankho lidzafika Mayi Pritchard atalongedza kale. Anawonjezera kuti ndondomekoyo inakambidwa pa msonkhano wa anthu onse mu Novembala, Lachitatu, 2 koloko masana. Ndani wa ife sakhala pantchito nthawi imeneyo? Anaitana ndani, kudzera kuti?

Ndinati chabwino, konzani pompano, lembani Chichewa. Anati kokonzera n'kusukulu, ndipo ngakhale akonze lero, kuwerenga kwa chaka chino kunatsekedwa mu Januwale. Zidzayamba kugwira ntchito Januwale wa chaka chamawa. Nthawi imeneyo Tiyamike adzakhala ali ku sekondale.

Funso lomaliza ndinalifunsa ndikumuyang'ana m'maso: kodi mafomu amenewa amafika kwa a zolowa ndi kutuluka m'dziko? Anati malinga ndi m'mene iye akudziwira, ayi. Malinga ndi m'mene akudziwira! Ndinapempha kuti andilembere zimenezo papepala, asayine. Anayang'ana wotchi. 1:35 ndinali panja, buledi wanga osamudya.

Lachitatu ndinakakonzetsabe kusukulu. Viza yanga ili bwinobwino, koma mantha samva zimenezo.

Tsopano ndikufuna mayankho, ndipo kalata ndaponya kale. Atiuze poyera kuti ana a anthu oletsedwa thandizo la boma amawawerengera pati. Atiuze chifukwa chake fomu ija silongosola, ngakhale mzere umodzi wokha, kuti yankho la kholo limakhudza ndalama za sukulu. Ndipo alembe, asayine, kuti mafomu a ana athu sapita kwina kulikonse. Akakana kulemba, tidzadziwa tokha chimene chikuwakanika.

Inu makolo anzanga, musadikire kuti mudzamve mphunzitsi atachotsedwa kale. Pitani ku ofesi ya sukulu sabata ino, kapempheni kuona zimene zinalembedwa pa dzina la mwana wanu. Ngati kunyumba mumamukalipira m'Chichewa, chilankhulo chake n'Chichewa.

Mayi Pritchard akutsanzika Lachisanu la sabata yamawa. Dzulo ataweruka kusukulu Tiyamike anakhala patebulo n'kuwalembera khadi, yekha, mizere isanu ndi iwiri, osandifunsa liwu ndi limodzi lomwe. Atamaliza anandiyang'ana. "Mum, ndani wawachotsa ntchito? Ndi head teacher?" Ndinati ndi a khonsolo. Anagwedeza mutu n'kumata envelopu. Zotsalazo sindinamuuze, ndipo sindikudziwa kuti ndidzayambira pati.