Malume Anga Anamwalira Kawiri

Greg, mnzanga wa kuntchito kuchipatala kuno ku Indianapolis, anadikira zaka zambiri kuti apeze chilolezo chosaka nkhosa zam'mapiri, zija za nyanga zopindika. Atachipeza anasankha ine kuti ndimuperekeze, chifukwa ndinamuuzapo kuti kwathu ndinali mlenje. Zoona zake, ndinkangokumba mbewa ku Mchinji.

Tinakonzekera chilimwe chonse. Ankayala mapu patebulo n'kumandionetsa maphompho omwe tidzadutse titasenza nyama. Ine ndinkangogwedeza mutu, ndikuganiza mmene ndingauzembere ulendowo.

Ulendo utayandikira ndinamuimbira foni. "Malume anga amwalira kumudzi, sinditha kupita." Malumewo anamwaliradi, koma kalekale, ine ndili ku pulayimale.

Ndinaiwala kuti mkazi wa Greg amagwira ntchito ndi Mayi Phiri a kutchalitchi kwathu. Loweruka Amalawi anadzaza m'nyumba mwanga ku Beech Grove, ena atadiraiva kuchokera ku South Bend. Azimayi anakhala pakapeti atavala zitenje, n'kuyamba nyimbo za maliro.

"Pepani bambo, anadwala nthawi yaitali?" anafunsa Mayi Phiri.

"Ayi, mwadzidzidzi," ndinatero. Sindinamve manyazi, ngakhale mantha. Ndinangokhala ngati mpando.

Kenako Greg analowa. Kumapiri kumeneko munthu sapita yekha, ndiye ulendo anausiya. Anakhala pafupi nane atandigwira phewa, mawu a nyimbo osawamva n'komwe. Ine maso anali pa nsapato zake zatsopano zokwerera mapiri, zopanda fumbi ndi pang'ono pomwe.