Tsiku Lomwe Ndinagwadira Nduna

Bambo anga sankafuna kumva za maphunziro anga a ndale. Iwo anagwira ntchito muofesi mpaka kupuma osatsutsapo bwana, ndipo ankati kukoleji ndikungophunzirako mwano. Nditamaliza chaka choyamba anandiuza kuti ndisinthe, ndikachite unamwino ngati mkulu wanga. Ndinawachonderera kuti ayambe adzaonera nyumba ya malamulo yoyeserera imene dipatimenti yathu inkachita chaka chilichonse. Anavomera, koma anati akangomva chipongwe, nkhani yatha.

Anzanga anandisankha kutsogolera mbali yotsutsa, poti pakamwa panga sipapuma. Vuto linali loti woyerekeza nduna anali mkulu wa dipatimenti, munthu wa imvi, wamkulu kuposa bambo anga. Kwathu ku Chelstone munthu wotere sumuyang'ana m'maso. Ndikamufunsa molimba, bambo anena kuti suja ndinanena. Ndikafewa, ndichititsa manyazi anzanga. Ndinachita mantha zedi.

Tsikulo bambo anakhala kumbuyo kwenikweni, atavala jekete lawo lakutchalitchi, manja atapinda. Sipikala anali mnzanga wina wa ku Kabulonga, atadzikulunga katani ya mayi ake ngati mkanjo. Atandipatsa mpata ndinaimirira, koma thupi linachita zomwe linaphunzitsidwa kunyumba: mawondo anapindika okha, manja n'kuwomba kulozetsa kwa nduna. Holo yonse inafa nacho chiseko.

"Ba honalebo, muno sitigwada, imililani bwino!" anatero sipikala, nayenso misozi ili mbwe.

Manyazi anandigwira, kenako mtima unandiphulika. Ndinatembenukira kwa nduna ija, imene inali itanena kuti ngalande zonse za madzi zinatha kukonzedwa.

"Ba minisita, mwakamba kuti ma dileneji yonse yanasila. Manje mvula ikabwela, bantu ku Kabwata bavula nsapato poyenda ku nchito. Yali kuti ma dileneji aya? Kapena yanayenda na manzi?"

Mkuluyo anazungulira, anakamba za makomiti ndi mapulani, mawu okoma ngati uchi. Ndinadikira amalize, ndinamuthokoza mwaulemu, n'kufunsanso funso lomwelo. Anazunguliranso. Pomaliza anangoseka n'kukhala pansi, akupukusa mutu. Madzulo ake iye yemweyo anandipatsa satifiketi ya wofunsa bwino, n'kundinong'oneza kuti ndamutulutsa thukuta. Sindinakondwe nayo kwenikweni, chifukwa bambo sanawombe m'manja.

Tinabwerera pa galimoto ya bambo. Tinadutsa m'tauni, tinaima pamaloboti angapo, iwo maso pamsewu basi. Ine ndinali nditayamba kale kudziona mu yunifolomu yoyera, ndipo misozi inali pafupi. Titafika pageti anazimitsa injini koma sanatsike.

"Uja mudala sanakuyankhe," anatero, ataipidwa ndithu. "Chaka chamawa ukamufunse futi."