Pepala la Pafupi ndi Zenera

Chitini cha phala la chinangwa ndimachionabe m'maso mwanga. Aphunzitsi athu a Sitandade 3 ankaphika phalalo kwawo n'kubwera nalo, osati lakumwa, koma lomatira mapepala pakhoma. Likagonera linkanunkha chowawasa, ndipo nyerere zinkalilondola mpaka pamwamba pa bolodi. Lachisanu lililonse ankasankha zimene talemba bwino, n'kupaka phala ndi chala m'makona, n'kumata. Mwana amene pepala lake lakwera pakhoma ankayenda ngati kwawo adya nkhuku.

Linali dzinja, tiyi ataphukira kwambiri. Mayi ankalawirira ku esiteti kukathyola, dengu kumsana, pulasitiki atakulunga m'chiuno. Tsiku lina aphunzitsi anatiuza kuti tilembe za ntchito ya makolo athu. Ine ndinalemba zimene ndinkaona: kuti mayi amabwera atanyowa thupi lonse, kuti zala zawo n'zong'ambika moti mchere wa ndiwo umawaluma, kuti amatsokomola koma sapita kuchipatala poopa kuti akapitawo anena kuti ajomba. Aphunzitsi anawerenga, nandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Walemba zoona." Pepala langa linakwera pafupi ndi zenera.

Ndinathamangira kunyumba kukanena, n'kuwalakatulira mayi zonse ndinalembazo. Sanasekerere. Anangofunsa kuti, "Pakhomapo amawerengapo ndani?" Kenako anayamba kulankhula ndi amalume m'Chilomwe, chinenero chimene ankathawiramo akafuna kuti ana tisamve.

Pasanapite nthawi kunamveka kuti kubwera alendo, mabwana a ku esiteti amene anafolera makalasi athu ndi malata. Tinalambula bwalo, tinapaka miyala laimu. M'mawa wa tsikulo ndinapeza pafupi ndi zenera pali pepala lina, loyera bwino, dzina langa lili pamwamba. Zilembo zinali zokhotakhota ngati za mwana, koma sizinali zanga. Linkanena kuti mayi anga amakonda kuthyola tiyi, amaimba nyimbo m'munda, ndipo ine ndikadzakula ndidzagwira ntchito ku fakitale.

"Aphunzitsi, ili si langa," ndinatero.

Sanandiyang'ane. "Ndi lako lomwe, ndangolikonza. Kakhale pansi."

Alendo anafika, makolo ali pambuyo pawo, poti tsikulo othyola tiyi anawauza aweruke msanga. Bwana wina wa nsapato zonyezimira anaima pa pepalalo, anamwetulira, nafunsa mwini wake. Ndinaimirira. Anandisisita pamutu, anzanga anaomba m'manja. Ndinkafuna kulira, koma sindinkadziwa kuti ndilirire chiyani pamene aliyense ankandiyamikira.

Mayi sankadziwa kuwerenga, choncho amalume anawawerengera chapansipansi. Ine ndinaima pambali kudikira mkwiyo. Awa anali mayi omwe aja amene anandikwapulapo mpaka miyendo kutupa chifukwa chonama kuti sindinathyole mango a eni ake. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja atawabisa m'chitenje. Kenako anatembenukira kwa aphunzitsi, nanyonyomala pang'ono, nati, "Zikomo aphunzitsi, mwatithandiza."

Lero ndine munthu wamkulu, ndili ndi ana anga. Ndikudziwa kuti mayi anali wantchito wa nyengo chabe, ndipo pachipata pankakhala anthu ambiri odikira dengu lawolo. Aphunzitsi aja sindiwaweruza, ngakhale nthawi zina ndimalakalaka akanandibwezera pepala langalo, kapena kungondiuza mawu amodzi. Koma tsikulo zonsezi sindinkazidziwa.

Pobwerera kunyumba mvula inayamba kuwaza, phiri litabisala m'nkhungu. Amalume anatsogola akukankha njinga. Mayi anatsokomola, nalavulira m'mbali mwa njira.

"Mayi," ndinatero, "inu simuimba kumunda."

"Kuyambira lero ndimaimba," anayankha. "Wina akakufunsa uzitero."

Ndinayenda pambuyo pawo ndikuyang'ana zidendene zawo zikumira m'matope ofiira. Ndinkayesa kupeza kusiyana kwa bodza la mango ndi bodza ili, chifukwa chimene lina linandibweretsera chikwapu pamene lina mayi analithokoza. Tinafika pakhomo ndisanakupeze.