Kuyeza Madzi a Pampu ndi Pemphero

Chitsime chathu chili kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mtengo wa mango, kumudzi kuno mukamachoka ku Chileka kulowera ku Lirangwe. Zaka zambiri tinkatunga ndi chingwe, mpaka mwana wathu woyamba, amene amagwira ntchito ku bwalo la ndege, anatigulira pampu ya sola. Ambuye amudalitse mwana ameneyu, msana wanga unapuma.

Ine ndinali ndi chizolowezi changa. Dzuwa likakwera ndinkatchera ndowa pa payipi, n'kutsinzina, n'kumapempherera ana anga mmodzimmodzi kuyambira wamkulu. Ndisanafike pa womaliza, madzi amakhala atasefukira kale n'kundinyowetsa mapazi. Mwana womalizayo ndinkachita kumumalizira ndikuthawa matope.

Aneba nawo ankatunga pomwepo, makamaka mayi wina wamasiye wa kuseri kwa mpanda wathu, amene bondo limawavuta. Mjigo wa m'mudzi uli kutali, kutsidya kwa msewu, ndipo ndi bondo limenelo sakanatha kumasenza ndowa kuchokera kumeneko.

Nyengo yozizira itafika, kunagwa chiperoni, kamvula kowaza kaja ndi mitambo yosachoka. Sabata yomweyo madzi anayamba kutuluka mwaulesi. Ndinapempherera ana onse, zidzukulu, apongozi, abusa, mpaka a boma. Kutsegula diso limodzi, ndowa ili theka.

"Chitsime chikuphwa ichi," anatero amuna anga. "Mudzi wonse ukumwa pano ngati ndi mtsinje wa Lirangwe. Tidzamwa chiyani mu Okotobala?"

Mawa lake anapita kumsika, n'kubwerako ndi loko wamkulu, woti akhome pageti.

"Abambo, nanga mayi aja akatunge kuti?"

"Amayi, chifundo ndili nacho, koma madzi ndi amene kulibe."

"Mwayeza, kapena mwangoyang'ana?"

"Nanga inu mwayeza?"

"Eya. Dzulo ndinafika pa a boma."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Pemphero si wotchi, mayi inu!"

Anaimbira mwana wotigulira pampu uja, ndipo iye anawalangiza pafoni pomwepo: atchere ndowa yomweyomweyo tsiku lililonse, adine wotchi ya pafoni madzi akayamba, adinenso ikadzaza. Tinapangana kuti tiyeze mpaka Lamulungu. Zikapanda kusintha, loko akhomedwe, ine ndisayankhulenso.

Ndiye mukanawaona bambo aja. Chijasi, chipewa, magalasi pamphuno, ataima m'kamvulako foni ili m'manja ngati a polisi a pamsewu. Ndowa ikadzaza ankandionetsa foniyo mosangalala ngati kuchedwako ndi nkhani yabwino. Zoona, ankanena zoona, madzi ankachedwa. Mayi aja ankabwerabe ndi kandowa kawo, osadziwa kuti pawindo pali loko akuwadikira. Ine ndinasowa pogwira kuti ndiwauze. Ndinangowaika m'pemphero, pamalo pa a boma.

Loweruka masana mitambo inang'ambika. Ndinathamanga kukayanika zovala zimene zinakana kuuma sabata yonse, kenako ndinatchera ndowa, n'kutsinzina. Ndili pa mwana wachitatu, ndinamva kuzizira kumapazi.

"Abambo! Tabwerani! Yadzaza ndili pa wachitatu!"

Anatuluka akumanga lamba. "Mwachedwetsa dala pempherolo. Ndikukudziwani inu, mwamupempherera mwana aliyense mpaka ndi nkhuku zake."

"Mulungu ndi mboni. Yezani ndi foni yanuyo."

Anataya madziwo pa mpiru, n'kutcheranso. Asanakonze bwino magalasi, ndowa inali itadzaza. Anati foni yalakwitsa. Anayezanso, chimodzimodzi. Madzi ankachita kulumpha m'ndowamo.

Nthawi imeneyo ndi pamene mayi aja analowa akutsimphina. Anayang'ana payipi, n'kuseka.

"Iii, lero yadzuka! Pampu yanuyi, achimwene, ili ngati bondo langali. Kukachita mitambo imakana, dzuwa likawala ili gwa."

Amuna anga anayang'ana kumwamba, anayang'ananso sola ija padenga, nthawi yaitali ndithu. Kenako anapita kukasuzumira m'chitsime. Madzi anali pomwe amakhala masiku onse. Chinasowa ndi dzuwa basi.

"Ndinkaganiza zomwezo," anatero, akulowetsa foni m'thumba.

Pa zaka zonse za banja ndaphunzira nthawi yongoti zikomo Ambuye chamumtima. Ndinangowaona atanyamula okha ndowa ya mayi aja, kukawatulira pakhomo pawo, chinthu chimene anali asanachitepo.

Loko uja sanabweze kumsika, akuti wogulitsa angawaseke. Ali pa khola la mbuzi mpaka lero, ndipo kiyi wake amasunga okha. Chiperoni chikabwera madzi amachedwabe, koma palibe amene amatchulanso za geti. Ine ndimangotchera ndowa yanga, ndipo masiku amenewo a boma amapezako mwayi.